Kiyi ya positi ya kampani ili m'thumba la ndani?

Pafupifupi pa kampani iliyonse yaikuluko pali kacipinda kamodzi kamene anchito ambili sanalowemo. Kamakhala kokhoma, kalibe windo, ndipo ndi kokhako kamene bwana salola kuti azimitse makina ozizilitsa mpweya olo bilu ya malaiti ikwele bwanji. Mkati simukhala munthu. Muli cabe kabati yacitsulo, mawaya, ndi kompyuta yopanda sikilini imene imaphethila tumagetsi tobiliwila usana ndi usiku. Imeneyo ndiye seva.

Inu amene mukuwelenga nkhani ino mutapanikizana anayi-anayi pa mpando wa basi ya ku Matero, ku Chawama kapena ku Chelstone, mwina simunaionepo ndi maso. Koma ngati mumagwila nchito pa kampani kapena m'boma, nsima yanu imadutsa mmenemo. Payslip imene imabwela pa foni kumapeto kwa mwezi, invoice imene kampani imatumiza kuti ilandile ndalama zokulipilani, kalata yakuti chuti canu cavomelezedwa, uthenga wakuti miting'i ya pa Mande aisintha, zonsezi zimayamba zagona mu seva ya imelo zisanafike kwa inu. Tsiku limene yaima, ofesi yonse imakhala ngati siteshoni yopanda basi. Anthu alipo, katundu alipo, koma palibe cikuyenda.

Kale seva ikadwala, woikonza anali kufunika kupita kumene ili, n'kukakhala pa mpando patsogolo pake. Ngati iye ali ku Lusaka ndipo seva ili ku Kabwe, ndiye kuti ni ulendo wa makilomita pafupifupi 140 pa Great North Road, kudutsa Katuba ndi Liteta kumbuyo kwa mathilaki osathamanga, tsiku n'kuthela panjila. Masiku ano munthu yemweyo amangotsegula browser, pulogalamu imene inu mumaonelapo zotsatila za mpila, n'kulemba adilesi, dzina ndi pasiwedi, basi walowa. Ndinapita ku Kabwe kukaona mmene nchito imeneyi imayendela, ndipo zimene ndinaona zikukhudza aliyense amene ali ndi imelo ya ku nchito.

Positi ofesi ya m'kabati

Amene anakula m'nthawi ya P.O. Box amva msanga. Ku positi kunali khoma la tumabokosi, aliyense na kiyi yake. Kuseli kwa khomalo kunali anthu osankha makalata, ndipo pamwamba pawo panali a postmaster, amene anali kupeleka mabokosi, kutseka bokosi la munthu wosalipila, ndi kusunga kiyi ya cipinda conse. Seva ya imelo ni cimodzi-modzi. Wanchito aliyense ali ndi bokosi lake, ndipo kiyi yake ndiye pasiwedi. Kusiyana kwake n'kwakuti seva ya kampani siimangosunga makalata. Imasunganso kalendala ya onse, kuti mlembi aone ngati bwana ali ndi mpata pa Citatu. Imasunga buku la maina ndi manambala a anchito, mafaelo amene a ku Ndola ndi a ku Livingstone akulembela pamodzi, ndiponso malamulo a amene aloledwa kuona cakuti ndi amene saloledwa.

Mapulogalamu ocita zimenezi si a dzulo. Lotus Notes inatuluka mu 1989, IBM inagula kampani ya Lotus mu 1995, seva yake n'kupatsidwa dzina lakuti Domino, ndipo kuyambila 2019 ili m'manja mwa HCL ya ku India. Microsoft inatulutsa Exchange mu 1996. Palinso Zimbra, imene mabungwe osafuna kuononga ndalama zambili amaikonda. Poyamba a postmaster a makina amenewa anali kufunika pulogalamu yapadela yoikidwa pa kompyuta ya mu ofesi. Pang'ono ndi pang'ono opanga anasamutsila nchitoyi pa browser. Domino ili ndi tsamba lake la woyang'anila, Zimbra nayonso, ndipo kuyambila Exchange ya 2013, Microsoft inacotsa pulogalamu yakale ija n'kuikapo tsamba.

Makampani ena tsopano sagulanso kabati. Amacita lendi malo pa Microsoft 365 kapena Google Workspace, kumene seva ili m'dziko lina ndipo kulibe ngakhale cipinda coti mungagogodepo. Kumeneko browser ndiye khomo la tsiku ndi tsiku, ndipo woyang'anila sadzaiona seva yakeyo moyo wake wonse.

N'cifukwa ciani Kabwe?

Kabwe ni tauni imene inakulila pa kukhala pakati. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko mu 1902, malowo n'kupatsidwa dzina la Broken Hill, limene linakhalapo mpaka 1966. Njanji inafika mu 1906, ndipo mpaka lelo likulu la Zambia Railways lili komweko. Mu 1925 damu ya Mulungushi inayamba kupangila mgodi magetsi. Wocoka ku Lusaka kupita ku Copperbelt, ku Kasama kapena ku Nakonde, afune asafune, adutsa pa Kabwe. Kalata, telegalamu, katundu ndi anthu, zonse zinali kudutsa pamenepo, ndipo podutsa zinali kusiya nchito: wina kusankha makalata, wina kukonza injini, wina kugulitsa vitumbuwa pa siteshoni.

Mu 1994 mgodi unatsekedwa. Unasiya mabanja ambili opanda malipilo, ndi fumbi la mtovu limene likudwalitsabe ana ku Kasanda, ku Chowa ndi ku Makululu. M'caka comweco ku Lusaka, pa University of Zambia, kunabadwa Zamnet, kampani imene inalumikiza Zambia ku intaneti pamene maiko ambili a mu Africa anali asanayambe. Zisanafike pamenepo, yunivesiti inali kusonkhanitsa maimelo mu kompyuta imodzi n'kumawatumiza kunja pa foni ya waya pa nthawi zoikika, monga mmene basi imadikilila kuti idzale isananyamuke. Panthawiyo munthu wocotsedwa pa mgodi sakanaona kuti nkhani ya Zamnet ikumukhudza pati. Zaka 30 pambuyo pake, ana ake ndi adzukulu ake ndiwo akudyela pa waya umenewo.

Lelo Kabwe ni likulu la Central Province. Kuli maofesi a boma, Mulungushi University, Kwame Nkrumah University, mabanki, ndi madepoti a makampani a mbeu, feteleza ndi cimanga. Ambili mwa makampaniwa mitu yawo ili ku Lusaka, ndipo amene mitu yawo ili ku Kabwe ali ndi manja ku Mkushi ndi ku Serenje. Conco nkhani ya mtunda kumeneko ni ya tsiku lililonse. Cinthu cikaonongeka, funso loyamba limakhala lakuti woikonza ali kuti, ndipo afika liti.

Tsiku limodzi pa desiki ya a IT

Mwana wa mlongo wanga amagwila nchito pa kampani ina ya ku Kabwe yogulitsa mbeu ndi feteleza, imene ili ndi madepoti ku Kapiri Mposhi, Mkushi, Serenje ndi Mumbwa. Pa nchitopo onse amangomuitana kuti "a IT", ngakhale madalaivala a msinkhu wa atate ake. Anandilola kukhala pambali pake tsiku lathunthu, malinga ngati sindigwila kalikonse.

Tsamba limene anatsegula si lokongola iai. Kumanzele kuli mndandanda: anchito, magulu, makalata amene ali pamzele, mafoni, malamulo. Foni yoyamba inacokela ku Serenje. Kalaliki watsopano wayamba nchito ndipo afunika adilesi. Mtsikanayu analemba dzina, anamuika m'gulu la madepoti kuti azilandila mitengo yatsopano pamodzi ndi anzake, n'kumupatsa pasiwedi ya kanthawi imene mwiniwake ayenela kusintha akangolowa. Tiyi wanga asanapole, munthu wa ku Serenje anali atalandila kale kalata yake yoyamba. Foni yaciwili inali ya amai a ku akaunti amene anaiwala pasiwedi atabwelako ku chuti. Yacitatu inacokela kwa oyang'anila anchito: manejala wa depoti ina wasiya nchito dzulo. Anatseka akaunti yake nthawi yomweyo, n'kulamula seva kuti makalata a makasitomala obwela pa adilesiyo azipita kwa womulowa m'malo.

Ndiye panabwela nkhani imene inu a m'mabasi muidziwa bwino. Wogulitsa wina anatsika basi pa Kapiri, kupisa m'thumba, foni mulibe. Kaya inagwa, kaya inathandizidwa kugwa, zimenezo adziwa ni amene anakhala naye pampando. Vuto linali lakuti m'foniyo munali imelo ya nchito: mitengo, maina a alimi amene anatenga feteleza pa ngongole, manambala awo, ndi ndalama zimene aliyense watsala nazo. Mtsikanayu anatsegula dzina la wogulitsayo, anaona foni yolumikizidwa ku akaunti yake, anadina lamulo lofufuta, n'kusintha pasiwedi. Foniyo ikangogwila netiweki, makalata a kampani afufutika okha.

"Foni yapita, amalume, imeneyo siningabweze," anatelo. "Koma wamene waitola apeza bokosi ilibe kanthu."

Ubwino weniweni wa nchitoyi ndinauona caka catha pa malilo kwathu ku Katete. Kunali kumapeto kwa mwezi. Bokosi limene limatumiza ma payslip ndi ma invoice linadzala, seva n'kukana kutumizanso kalata ina iliyonse. Anamuimbila ali pakati pa azimai ophika. Anapukuta m'manja, anakakwela pa culu pamene netiweki imagwila, laputopu pa maondo, anaonjezela malo a bokosilo, makalata n'kuyamba kutuluka. Anabwelela ku mapoto ndiwo zisanapse. Kucoka ku Katete kufika ku Kabwe ni ulendo wa tsiku lonse kudzela ku Lusaka. Zikanakhala zakale, akanasankha cimodzi: kuika agogo ake m'manda, kapena kusiya anzake a ku nchito akudikila mapepala a malipilo.

Koma browser ilibe manja. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pofika September malaiti anali kuzima mpaka maola 21 patsiku. Seva ikazima, tsamba lija nalo lazima. Ungakhale na madigili atatu, suloweko.

"Pamenepo injiniya wamkulu amakhala a mlonda," anaseka. Anali kuwaimbila usiku: "Atate, pepani kukuvutitsani. Onani ngati jenileta ili na dizilo. Ikaliza, mulowe mu kacipinda kaja, mudine batani ya pamwamba kamodzi cabe." Caka cimeneco kampaniyo inagula mabatile ndi sola, ndipo inayamba kukambilana zosamutsila imelo ku maseva a lendi. Koma nakonso vuto silitha, limangosamuka. Seva ya kunja siizima, zoona, koma waya wa intaneti ukadulidwa ndi okumba msewu, ofesi ili mu mdima womwewo. N'cifukwa cake makampani ocenjela amakhala ndi njila ziwili, waya ndi netiweki ya foni, ndipo kuyambila 2023 ena anaonjezela Starlink.

Citseko sicisankha wolowa

Ndinamufunsa funso la munthu wosadziwa. Iwe uli pa culu ku Katete, seva ili ku Kabwe. Imadziwa bwanji kuti ndiwe?

"Siidziwa, amalume. Seva siona nkhope. Iona cabe kiyi."

Apa ndiye pagona nkhani. Kale kawalala wofuna makalata a kampani anali kufunika kulumpha mpanda, kupusitsa mlonda ndi kuthyola loko. Mtunda womwewo umene unali kuvutitsa wokonza unalinso kuteteza ofesi. Manje mtunda unatha kwa onse awili. Tsamba limene mwana wa mlongo wanga amatsegula ali ku Katete, munthu wina angalitsegule ali kutsidya kwa nyanja, usiku, a mlonda ali pa mbaula sakumva kanthu.

Izi si nthano zoopsezela ana. Pa 2 March 2021 Microsoft inalengeza kuti mu Exchange ya m'makabati a makampani munali mipata inayi imene akawalala anali kulowelapo kale, kudzela pa khomo lomwelo la browser. M'masabata ocepa maseva masauzande ambili padziko lonse anali atalowedwa, kuphatikizapo a nyumba ya malamulo ya ku Norway ndi a European Banking Authority. Akawalalawo anali kusiya tumapulogalamu tobisika kuti azibwelela nthawi ina iliyonse, ngati munthu amene wakudulilani kiyi yapadela. Mu April caka comweco khoti ina ku America inalola FBI kulowa m'maseva mazana a makampani kukacotsa tumapulogalamuto, eni ake asanauzidwe. Apolisi nawo analowela patali, pa khomo lomwelo.

Kuno kwathu, mu May 2022, Bank of Zambia inalengeza kuti makompyuta ake ena anasokonezedwa. Gulu la Hive, limene linali kukhoma mafaelo a anthu n'kumafuna dipo, ndilo linacita zimenezo, ndipo bankiyo inakana kulipila. Ngati anagogoda pa banki yaikulu ya dziko, musaganize kuti depoti ya feteleza aiopa.

Komabe kawalala amene amavutitsa makampani ang'ono-ang'ono nthawi zambili sacita phokoso. Muidziwa meseji ija imene imafika pa foni, yakuti ndalama zija mutumize pa nambala iyi. Imeneyo ili ndi mkulu wake amene amavala tayi. Kawalala amatumiza kalata yooneka ngati yacokela kwa a IT, yakuti bokosi lanu ladzala, dinani apa mulembe pasiwedi. Munthu wotopa wa pa Cisanu madzulo amalemba. Kawalala akalowa sabapo kanthu. Amangoika kalamulo kobisika kakuti kalata iliyonse yokamba za invoice izipitanso kwa iye, n'kukhala cete masabata angapo, kuphunzila mmene kampani imalembela ndi tsiku limene imalipila. Tsikulo likafika, kasitomala amalandila kalata yocokela pa adilesi yeniyeni ya kampani, yonena kuti tasintha banki, lipilani pa akaunti iyi. Ndalama za thilaki yathunthu ya feteleza zimapita, ndipo kumapeto kwa mwezi anchito amauzidwa kuti malipilo acedwa.

Zimenezo ni pamene waba kiyi ya bokosi limodzi. Akaba ya woyang'anila, waba positi yonse. Angawelenge bokosi la aliyense, angadzipangile akaunti yakeyake ya dzina looneka la bwino-bwino, angafufute ngakhale mapazi ake.

N'cifukwa cake mtsikana amene kunyumba amaiwala kutseka windo, pa nchito ni wovuta ngati kondakitala wa pa tsiku la mvula. Tsamba la woyang'anila salisiya poyela kuti aliyense wa pa intaneti aligogode. Amayamba walowa pa VPN, kanjila kobisika kofika mu netiweki ya ofesi, ndiye tsambalo limaoneka. Pasiwedi yokha siikwana, pafunikanso nambala ina imene imabwela pa foni yake ndipo imasintha mphindi iliyonse isanathe. Ali ndi maakaunti awili, ina yowelengela makalata monga wanchito wamba, ina ya uyang'anili, imene amaitsegula pokhapo pali nchito. Salowa pa kompyuta ya m'kafe kapena ya mnzake. M'mawa uliwonse amawelenga kaundula wa seva: ndani analowa, nthawi yanji, kucokela kuti. Akaona kalaliki wa ku Mumbwa walowa 03:00 usiku kucokela ku dziko limene ngakhale pa mapu sangaliloze, amatseka akauntiyo asanafunse funso.

Zina ziwili amazichula mobweleza-bweleza. Coyamba ni ma update. Opanga akatulutsa cigamba cotsekela mpata, akawalala nawo amawelenga cilengezo comweco, conco kudikila mwezi n'kuitana alendo. Ndipo pulogalamu imakalamba: Microsoft inaleka kuthandiza Exchange ya 2016 ndi ya 2019 pa 14 October 2025, moti kampani imene ikali pamenepo popanda makonzedwe ena ili ngati basi yoyenda ndi matayala osalala. Caciwili ni backup, kope la makalata onse losungidwa kumalo ena, limene amaliyesa nthawi ndi nthawi kuona ngati litseguka. Kope losayesedwa, akuti, lili ngati tayala la sipeya limene simunalionepo ngati lili na mpweya.

Nanga wosunga kiyi amamuyang'anila ndani?

Pali cina cimene anchito ambili sadziwa, kapena safuna kudziwa. Woyang'anila seva angadzipatse cilolezo cotsegula bokosi lanu. Bwana angamuuze kutelo. Imelo ya nchito ni ya kampani, monga mmene desiki ndi mpando zilili za kampani. Conco kalata yofunsila nchito kwina, nkhani ya ngongole ya kaloba, zotsatila za ku cipatala, mau okoma a kwa amene si a kunyumba, zonsezo zisungeni pa adilesi yanu-yanu. Si kuti a IT onse ni okonda miseche iai. Koma cimene mwaika m'kabati ya eni ake, musadabwe eni ake akaciona.

Lamulo lilipo. Data Protection Act ya 2021 imanena kuti wosunga nkhani zaumwini za anthu afunika kuziteteza ndi kuzigwilitsila nchito pa cifukwa cimene anazitengela. Imakambanso za kusunga nkhani zotelo pa maseva a muno m'dziko, nkhani imene kampani yofuna kusamukila ku maseva a kunja ifunika kuifunsa bwino isanasaine. Ndipo seva yokonzedwa bwino imalemba zonse zimene woyang'anila wacita, kuti nayenso adziwe kuti pali diso. Mwana wa mlongo wanga akuti akapemphedwa kutsegula bokosi la munthu, amafuna pempho lolembedwa ndi kusainidwa. Pakamwa pokha amakana, ngakhale wopempha akhale ndani. Akuti pepalalo limateteza wanchito, limatetezanso iye.

Vuto lina n'lofala kwambili m'makampani ang'ono, ku Kabwe ngakhale kuno ku Lusaka. Mwini bizinesi anaitana kamnyamata kodziwa makompyuta zaka zapitazo, kanamukonzela zonse. Dzina la kampani la pa intaneti kanalembetsa m'dzina lake, nambala yobwezela pasiwedi ni ya foni yake, kiyi ya woyang'anila ili m'mutu mwake mokha. Zinthu zikuyenda, palibe wodandaula. Tsiku lina asemphana pa ndalama, kapena mnyamatayo wapita ku Johannesburg, kapena wamwalila pa ngozi. Mwini kampani amapeza kuti nyumba ni yake, koma waima panja. Makalata a zaka zonse, maina a makasitomala, mapangano, zonse zili kuseli kwa citseko cimene iye alibe kiyi yake.

Mankhwala ake safuna ndalama zambili. Dzina la pa intaneti, kaya ni la .zm, limene lili pansi pa ZICTA, kaya ni la .com, lilembedwe m'dzina la kampani. Oyang'anila akhale awili, aliyense na akaunti yake, osabwelekana. Pakhale kiyi yacitatu ya pangozi, yolembedwa pa pepala, yomatidwa mu envelopu, yosungidwa mu sefa ya mwini kampani. Ndipo tsiku limene woyang'anila wasiya nchito, kaya mwamtendele kaya mokangana, makiyi onse asinthidwe dzuwa lisanalowe. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Pano tinene kuti thumba limodzi lisasunge positi yonse.

Nchito imeneyi ikhala kuti?

Pali nkhawa ina imene acinyamata a ku Kabwe amaikamba poyela. Ngati seva ingakonzedwe kucokela kulikonse, kampani ingathe kucotsa a IT a ku Kabwe n'kupatsa nchitoyo kampani ya ku Lusaka, ya ku Johannesburg kapena ya ku India. Zimacitika. Tauni imene inaona mgodi ukutsekedwa ndi Mulungushi Textiles itakhala zaka zambili makina ali cete, siifuna kuuzidwa mmene nchito imathawila.

Koma msewu wa Great North uli ndi mbali ziwili. Mgodi sukanasamuka, ndipo miyala itatha phindu, nchito inatha nayo. Nchito ya seva ilibe dothi lake. Munthu wokhala ku Bwacha kapena ku Highridge angayang'anile imelo ya kampani ya ku Cairo Road popanda kulipila lendi ya ku Lusaka, ndiponso popanda kuthela maola awili tsiku lililonse pa mzele wa magalimoto umene inu muli pamenepo tsopano. Mulungushi University, imene inatsegulidwa mu 2008, imaphunzitsa za makompyuta, ndipo ambili amene amamaliza amakwela basi ya ku Intercity cifukwa amaganiza kuti nchito ili kumene kuli nyumba zazitali. Mwana wa mlongo wanga amathandizanso timakampani tiwili ta kuno ku Lusaka pa Ciwelu, bwana wake akudziwa, ndipo eni timakampanito amamuona kamodzi kapena kawili pa caka. Cimene amagula kwa iye si kupezeka kwake pa desiki. Amagula kukhulupilika, cifukwa munthu amene mwamupatsa kiyi ya positi yonse simungamuyang'anile ndi maso.

Kuti nchito yotele ikhazikike ku Kabwe pafunika zinthu zitatu zosavuta kuchula: malaiti osathawa-thawa, intaneti ya mtengo wofikilika, ndi mabwana ovomela kuti wanchito amene samuona pa mpando angakhale akugwiladi nchito. Ziwili zoyambazo n'za boma ndi makampani akulu. Cacitatuco cili m'mitu ya anthu amene ena a inu mumawapatsa moni m'mawa uliwonse.

Conco mukafika pa nchito, kaya ndinu mwini wake, kaya a ku akaunti, kaya kalaliki wa pa geti, funsani mwaulemu mafunso awa. Kiyi ya woyang'anila imelo yathu ili na ndani? Ali angati amene ali nayo? Akadwala kapena kucoka mawa, tilowa bwanji? Ngati yankho ni kuyang'anana cabe, musadikile kumapeto kwa mwezi. Ndipo ikakufikani kalata yakuti tasintha banki, olo icokele pa adilesi imene mumaidziwa zaka khumi, osayankha pa imelo yomweyo. Tengani foni, imbani nambala yakale imene muli nayo kale, mumve liu la munthu ndalama zisanacoke.